Mpendero wa Diresi Lobiriwira

Mumsewu wonse uja, munthu akafuna kukacheza kwa a Sizasi ankayamba waganiza kaye chovala choti avale. Si kuti kunali kwa anthu apamwamba ayi. Nyumba yake inali ngati za anzawo, mpopi wake wodontha chimodzimodzi. Nkhani inali yakuti ukavula jekete n'kuikoleka kuseri kwa chitseko, pochoka unkaitenga itapunguka. Tsiku lomwelo sunkadziwa kanthu. Unkadzadziwa patapita miyezi, pa tsiku lako lobadwa, utalandira khadi lokongola kwabasi, pakati pake atamatapo kaduwa kansalu, nsalu yake yooneka ngati munaonanapo kwinakwake. Ukathamanga kukatembenuza jekete ija, m'kati, kunsi kwa thumba, unkapeza kazenera kodulidwa mwaukhondo, ngodya zake zowongoka bwinobwino.

Ukawafunsa sankakana. Munthu wake n'kunama komwe sankadziwa.

"Ndinadula m'kati," ankatero, nkhope ili phee. "Kunjaku kuli bwinobwino. Kapena mumavala motembenuza?"

Ndiye uyankhe chiyani pamenepo?

Ntchito yawo yolandirira malipiro inali yosunga mafayilo pa kampani ina, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe munkanunkha fumbi la mapepala ndi polishi. Tsiku lonse ankaboola mapepala ndi kachitsulo koboolera, n'kumawalowetsa m'mafayilo amene palibe anadzawatsegulanso. Anzawo a pantchito kachitsulo kaja kakadzaza ankakhuthulira m'bini. A Sizasi ankakhuthulira m'envelopu. Timapepala tozungulira tija ankapita nato kunyumba, n'kukatisankha mitundumitundu m'mabotolo a jamu: toyera patokha, tachikasu patokha, tapinki ta m'marisiti patokha. Toyera tinkasanduka mvula pamakhadi, tachikasu maso a nkhuku. Bwana wawo atamva anawaitana mu ofesi, koma anasowa powagwira, chifukwa malamulo a kampani sankanenapo kanthu za munthu wotenga mabowo. Bwanayo popuma ntchito analandira khadi lalikulu losainidwa ndi onse, pamwamba pake pali kampando kopangidwa ndi chikopa chabulauni. Analira ndi chimwemwe. Amene analowa m'malo mwake ndi amene anadzapeza kuti mpando wa mu ofesi uli ndi kazenera kunsi.

Makhadi ankapangira pa katebulo kapakona pabalaza, pansi pa zenera. Pamenepo pankakhala guluu, rula yachitsulo, makatoni a phala atawawongola, mabatani m'chitini cha mabisiketi, ulusi, masamba owuma opanidwa m'buku la manambala a foni, ndi masizasi awo atatu: yaikulu ya makatoni, yapakati ya mapepala, ndi kakang'ono kopindika kunsonga, kamene kankakhala m'thumba la malaya ngati cholembera. Kameneka ndi kamene kankapalamula milandu. Sanagulitsepo khadi ngakhale limodzi. Wa golosale wa pakona anawauzapo kuti azimupatsa awagulitsire, iwo anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Munthu wosamudziwa ndimupangira bwanji khadi? Ndidula chiyani chake?"

Lamulo lawo linali lomwelo: khadi lopanda kanthu ka mwini wake ndi katoni chabe. Wodwala ankalandira khadi lokhala ndi kachidutswa ka katani ya kuchipinda kwake, akuti kuti asapukwe kuchipatala. Obereka mwana ankalandira la kansalu ka thewera. Pamaliro ankafika msanga, n'kukhala pafupi ndi zovala za malemu, anthu n'kumati koma bambowa ali ndi chisoni.

Tsono Mulungu ali ndi nthabwala zake. Munthu ngati ameneyu anakwatira mkazi wosita zovala.

Anakumana chonchi. Ali mnyamata, a Sizasi anapititsa jekete yawo imodzi yokhayo kumalo ochapira masuti, kuseri kwa siteshoni ya basi. Kumeneko kunali mtsikana wamfupi, wa manja olimba, amene ankasita kuyambira m'mawa mpaka madzulo m'nthunzi yotentha. Mtsikanayu anali ndi chizolowezi chake: chovala chilichonse asanachilandire ankachitembenuza, n'kuyendetsa zala mumpendero monse, muja atelala amapinda nsalu n'kusokerera, kuti mwini wake asadzamunamizire kuti wang'amba ndi iye. Zala zija zitafika m'kati mwa jekete ija zinaima. Anapeza kazenera. Anapeza kachiwiri. Anadzutsa mutu.

"Achimwene, kwanu kuli njenjete?"

"Ayi."

"Nanga izi wadya ndani?"

"Ndinadula ndine. Ndinkapangira mayi anga khadi."

Mtsikana uja anaika simbi pansi, n'kuwalalatira. Anawauza za mtengo wa nsalu, za thukuta la telala, za anthu amene akuyenda opanda jekete pamene ena akusewera nazo. Makasitomala anaima pamzere kumvetsera. A Sizasi anamvetsera chipewa chili m'manja, ndipo akuti m'moyo mwawo anali asanamvepo munthu akulankhula za nsalu mokoma chotero. Pomaliza mtsikanayo anati, "Ndinu njenjete yeniyeni inu. Tengani tikiti yanu muzipita."

Pokatenga jekete ija anapeza mazenera onse atsekedwa ndi zigamba zosokedwa bwino. Sabata yotsatira anabwera ndi khadi lothokoza. Pakhadipo panali kambalame kansalu yoyera, ndipo mtsikana uja atayang'ana kunsi kwa epuloni yake imene inali pamsomali, anawathamangitsa mpaka pa siteshoni. Chaka chisanathe anakwatirana.

Dziko lonse linkawatchula kuti a Sizasi, koma kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo anali a Njenjete. Dzina limenelo linali la akazi awo okha. Ngakhale mwana wawo, mtsikana mmodzi yekhayo amene anabereka, amene onse ankangomuti Wachisamba ngakhale panalibe womupondera, sanayerekezepo kulitchula.

Banja lake linali nkhondo yosatha, koma yoyenda mwadongosolo. Mayi akaweruka kuntchito sankayamba ndi moni. Ankayamba ndi makatani. Zala mumpendero, kuchokera uku mpaka uko, kenako nsalu ya patebulo, mapilo a pasofa, yunifolomu ya mwana. Zikaima penapake, mawu ankamveka mpaka kwa aneba:

"A Njenjete inu! Mwayambanso?"

Ndiye pankatsatira ulaliki. A Sizasi ankakhala pampando wawo manja pamawondo, kumvetsera mpaka kumapeto, osayankha, osathawa. Ukatha, mayi ankatenga singano n'kutseka kazenera kaja uku akung'ung'udza, kenako n'kuwathirira tiyi. Aneba ankati bambo aja akuzunzika. Sankadziwa. Kuntchito a Sizasi ankatha tsiku lonse popanda wowaitana ngakhale molakwitsa, moti tsiku lina anawakhomera m'chipinda chapansi chija poganiza kuti mulibe munthu. Kunyumba kokha ndi kumene kunali munthu wodziwa kuti iwo adutsa pano, wotha kuloza ndi chala kuti apa pagwira mwamuna wanga. Ulaliki uja unkawakomera, kungoti sankaonetsa, kuopa kuti ungasiye.

Tsiku limodzi lokha ndi limene zinafika poipa. Wachisamba anamaliza maphunziro ake a pakoleji, ndipo mayi anasoketsa diresi lobiriwira loti akavale pa tsiku lolandira satifiketi. Nsalu yake anaisankha okha, atazungulira masitolo onse. A Sizasi nawo anali ndi ntchito yawo: khadi la mwana. Anaganiza kuti payenera kukhala mtengo, thunthu lake la nsalu ya buluku lawo, masamba ake a diresi la mayi. Anadula m'kati mwa mpendero monga mwa nthawi zonse, malo oti palibe angaone. Chimene sanadziwe n'chakuti mayi anamva kuti makolo akakhala pamipando yakutsogolo, pamalo okwera, pomwe mawondo amaonekera. Ndiye m'mawa wa tsikulo anamasula mpendero uja kuti diresi litalikeko. Zimene zinali m'kati zinatulukira kunja. Kutsogolo, pakatikati, panali kazenera.

Tsiku limenelo mayi sanalalate. Anavala diresi lina lakale, anapita, anaomba m'manja, anajambulitsa, anabwerako. Madzulo anakhala pabedi diresi lobiriwira lili pamiyendo, n'kunena motsitsa mawu kuti:

"Ndasita madiresi a akazi anzanga moyo wanga wonse. Ili linali langa."

A Sizasi anamva ululu umene ulaliki wonse wa zaka zija sunawamvetsepo. Anagwada, n'kulonjeza kuti chovala cha akazi awo sadzachikhudzanso ndi sizasi mpaka kufa. Ndipo anasungadi. Makatani anapitiriza kuona zakuda, alendo nawo chimodzimodzi, koma mbali ya mayi ya wadiropu inakhala pa mtendere. Diresi lija mayi analiika chigamba chaluso, n'kubwezera mpendero m'malo mwake, koma sankalivala. Linkangokhala m'pepala lapulasitiki kumapeto kwa wadiropu.

Zaka zinapita. Onse awiri anapuma ntchito. Wachisamba anakwatiwa n'kusamukira mbali ina ya tawuni, kumene ankayang'anira sitolo ya mankhwala, ndipo anatengera mayi ake pakamwa.

Matenda anabwera mwakachetechete. Poyamba mayi anaika shuga mufiriji, anthu n'kuseka. Kenako anafunsa kuti lero n'lachingati, atayankhidwa anafunsanso. Kenako anapita kogula buledi n'kubwera ndi wa golosale atawagwira dzanja, akuti anawapeza ataima pamphambano akufunsa njira ya kunyumba kwawo. Adokotala anati ndi matenda oiwala aja amene amagwira achikulire, ndipo alibe mankhwala obwezera zimene zapita. A Sizasi anaphunzira kuphika phala, kupesa tsitsi, kubisa makiyi. Zonsezi sanadandaule nazo.

Chimene chinawathyola msana chinali ulemu.

M'mawa wina atatuluka kubafa anapeza mayi atakhala pasofa. Mayi anaimirira, anakonza diresi lawo, n'kuwerama pang'ono.

"Takulandirani bambo. Khalani pampandopa. Abambo a m'nyumba muno atuluka, koma sachedwa."

A Sizasi anayang'ana kumbuyo kwawo. Kunalibe munthu. Anakhala pampando paja, thaulo lili paphewa, n'kudikira abambo a m'nyumbamo.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala mlendo m'nyumba mwawo. Masiku ena anali wowerenga mita ya madzi, masiku ena m'bale wa aneba, masiku ena bambo wabwino chabe amene amabwera kudzathandiza. Mayi ankawathokoza pa chilichonse. Zikomo bambo chifukwa cha phala. Pepani bambo takuvutitsani. Mulungu akudalitseni, akazi anu ali ndi mwayi. Mkazi amene anawalalatira kuyambira tsiku loyamba kuonana tsopano ankawapatsa kapu ndi manja awiri. Aneba ankati koma mayi aja afatsa masiku ano, bambo aja apumako. A Sizasi ankangogwedeza mutu, koma mumtima ankalira. Sankafuna zambiri ayi. Sankafuna kuti mayi akumbukire tsiku la ukwati kapena dzina la msewu. Ankangofuna kuti akazi awo awayang'ane kamodzi kokha n'kudziwa kuti munthu uyu ndi uja.

Tsiku lina mayi anayatsa simbi n'kuisiya pa pilo mpaka utsi unatulukira pazenera. Wachisamba anafika ndi katoni. Analongedza simbi, mipeni, machesi, singano, kenako anaima pa katebulo kapakona.

"Ababa, masizasi."

"Amenewo ndi anga."

"Ndikudziwa kuti ndi anu, msewu wonse ukudziwa. Amayi akadzadzicheka mudzati chiyani? Bweretsani."

Anapereka yaikulu. Anapereka yapakati. Wachisamba anatambasulabe dzanja.

"Kaja kopindika."

"Kanasowa kalekale," anatero a Sizasi. Limeneli linali bodza lawo loyamba, ndipo analinena moyang'ana kudenga ngati mwana. Wachisamba anawapisa m'thumba la malaya, sanapezemo kanthu, anawayang'ana nthawi yaitali n'kunyamula katoni yake. Kasizasi kaja kanali m'chitini cha polishi wa nsapato, pansi pa bedi. Sanakatulutse. Ankangofuna kudziwa kuti kalipo.

Adokotala anawalangiza kuti odwala otere amathandizika ndi zithunzi zakale. A Sizasi atamva zimenezi anawongoka ngati msilikali waitanidwa. Imeneyi ndiye inali ntchito yawo. Loweruka lililonse, aneba akatsala ndi mayi, a Sizasi ankakwera basi kupita kwa Wachisamba, kumene masizasi awo anali m'ndende, n'kukhala patebulo lodyera kupanga buku la zithunzi. Linali buku la masamba olimba akuda, chikuto chake chokutidwa ndi pepala lonyezimira. Chithunzi chilichonse anachiika m'kafelemu ka katoni, pansi pake n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti uyu ndi ndani. M'mbali anamata maluwa owuma, tinyenyezi, mvula ya timapepala toyera tija. Ndipo popeza linali buku la adokotala, anafuna kuti likhale laulemu: sanadulemo katani, sanadulemo kanthu ka munthu aliyense. Zonse zinali zogula kusitolo. Wachisamba ataliona anapukuta misozi, n'kunena kuti aka n'koyamba ababa kupanga chinthu popanda wodandaula.

Analipereka masana ena, dzuwa likulowa bwino pazenera. Mayi anapukuta manja padiresi, n'kulilandira ndi manja awiri. Anatsegula tsamba ndi tsamba, mosamala, osathamanga. A Sizasi anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Anthu okongola," anatero mayi. "Ndi abale anu?"

"Ena mwa iwo."

Anafika pa chithunzi cha ukwati. Anachiyandikitsa kumaso, anachiyang'ana, anachiyang'ananso.

"Diresi la mkaziyu anasita bwino. Koma mwamunayu kolala yapindika."

"Mukumudziwa mwamunayo?"

"Ayi. Koma akuoneka wofatsa, wosauka." Anatseka buku n'kulibweza. "Musunge bwino bambo, ana angakuwonongereni."

A Sizasi anathokoza, analiika pamwamba pa kabati, n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Panapita masabata. Tsiku lina akusesa pabalaza anaona mayi ataima pazenera. Sankayang'ana kunja. Zala zawo zinali mumpendero wa katani, zikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, monga kale pa malo ochapira masuti paja. Mutu unaiwala, koma zala zinali zikadali pantchito. Zinayenda, zinayenda, n'kuima. Panali kazenera kakale, kamene kanapulumuka singano nthawi ija. Nkhope ya mayi inasintha. Zikope zinatsika, milomo inakungana, mphuno inatukuka pang'ono. A Sizasi anasiya kusesa, tsache lili m'manja. Nkhope imeneyo ankaidziwa kuposa yawo.

"M'nyumba muno muli..." anatero mayi.

Anafunafuna mawu, n'kuyang'ana uku ndi uku. Maso awo anadutsa pa a Sizasi, amene anaima chilili ndi tsache lawo, munthu wabwino wosalakwa, n'kupitirira. Nkhope ija inasungunuka.

"Pepani bambo, ndakutchingirani posesa."

Madzulo amenewo a Sizasi anatulutsa chitini cha polishi, anachitsegula, anachitsekanso. Anaganiza za katani, koma anadziwa kuti katani n'njochepa. Kazenera kakale kanabweretsa nkhope, koma sikanabweretse dzina, chifukwa wolakwa panalibe. Pankafunika kuti agwidwe dzanja lili pansalu, ndipo nsalu yake ikhale yowawa. Koma analonjeza atagwada. Lonjezo limenelo ndi chinthu chokhacho chachikulu chimene anapatsapo akazi awo, ndipo ankanyadira kuti sanaliphwanye. Tsono mwini wake wa lonjezolo sankalikumbukira, ndiye ukakhululukidwa ndi ndani? Anakhala nazo zimenezi masiku angapo, chakudya osachimva kukoma.

Lamlungu masana Wachisamba anabwera kudzawasambitsa mayi monga mwa chizolowezi. Atatsegula wadiropu kufuna chowaveka, mayi analoza okha kumapeto.

"Ilo lobiriwiralo."

"Limeneli amayi? Simulivala ili."

"Ndiye ndinasoketseranji?"

Anawaveka. Linali litakula pang'ono m'mapewa, koma linawakhala. Mayi anatuluka n'kukhala pasofa, manja akusalaza nsalu pamawondo ngati akusita. Wachisamba analowa kukhitchini kukatereka madzi a tiyi. A Sizasi analowa kuchipinda, ndipo anatulukako manja akununkha polishi.

Kugwada kunawatengera nthawi, mawondo anali atakalamba. Mayi anawayang'ana mwachifundo.

"Mwataya chiyani bambo?"

A Sizasi anagwira mpendero wa diresi lija, anautembenuza, anapeza chigamba chakale chija, n'kusuntha pang'ono kumbali kwake. Sanabise ngati kale. Anakweza nsalu m'mwamba kuti ioneke bwino, n'kulowetsa kansonga kopindika kaja.

Kheche.

Mayi anatsitsa maso pansalupo.

Kheche.

Phaa! Khofi linagwa padzanja, sizasi inauluka n'kukagwera pansi pa tebulo.

"A Njenjete inu! Mwayambanso?"

Wachisamba anatulukira pakhomo la khitchini ketulo ili m'manja, pakamwa pali yasa kuti akalipe. Atawona nkhope ya bambo ake, anatseka pakamwa.

"Diresi langa! Ndili momwemo, ndavala, maso ndikuona, inu n'kumadula? Manyazi mulibe? Munagwada pansi inu, kuchipinda uko, munati chiyani? Munati chiyani, ndikufunsa! Munthu wamkulu, imvi mbuu, mwana wanu mpaka wamaliza sukulu, inu mukadali ndi timasizasi m'thumba! Mukudziwa mmene ndinayendera kufuna nsalu imeneyi? Ine ndinalakwa chiyani kuti mwa amuna onse obweretsa majekete ndikatole njenjete? Ndipo taonani kolala yanuyo, mwatuluka nayo choncho? Anthu aziti mkazi wake amasita za eni, za mwamuna wake zimamukanika!"

A Sizasi anakwawa n'kukhala pampando wawo, manja pamawondo, monga kale. Misozi inkatsika n'kumadontha pa kolala yopindikayo, koma sanaipukute, kuopa kuphonya mawu ena. Ulaliki unali wonse, wosadumpha ndime: mtengo wa nsalu, thukuta la telala, anthu oyenda opanda zovala. Pena mayi anabwerera m'mbuyo n'kuyambiranso, iwo anamvetseranso.

"Mukuliranji tsono? Wolira ndikhale ine. Iwe mwana, usangoima apo ngati mtengo, bweretsa singano. Ndipo uwathirire tiyi bambo akowa, shuga pang'ono, amawapweteka."

Wachisamba anathamangira kuchikwama chake, uku akupukuta maso ndi mkono. Singano anali nayo. Mayi anailandira, analowetsa ulusi kamodzi kokha, n'kusoka pamene panadulidwa paja, akung'ung'udza. Atamaliza anatambasula dzanja n'kuwongola kolala ya amuna awo, mwamphamvu, mokoka, ngati ili ndi mlandu.

Zinatha tiyi asanazizire. Mayi anayang'ana singano m'dzanja lawo ngati sakudziwa kuti yafikamo bwanji, Wachisamba n'kuichotsa mwakachetechete. Kenako anayang'ana munthu wokhala pampando uja, anamwetulira n'kuwerama pang'ono.

"Mwamwa tiyi bambo? Abambo a m'nyumba muno analipo pompano. Mwasemphana nawo pang'ono."

"Ndinawaona," anatero a Sizasi.

Pochoka, Wachisamba anagwada n'kutola kasizasi kaja pansi pa tebulo. Anakatembenuza m'manja. Anayang'ana chikwama chake, anayang'ana bambo ake. Kenako anakalowetsa m'thumba la malaya awo, n'kumenyapo kawiri ndi chikhatho.

"Muzikasunga patali. Ndipo musamachite tsiku lililonse, angazolowere."

Masiku ano ukadutsa mumsewu uja masana, nthawi zina umamva mawu a mayi wachikulire akulalata mpaka kunja kwa mpanda. Aneba atsopano amati matenda aja afika poipa. Sikuti zimatheka nthawi zonse ayi. Masiku ena mayi amangoyang'ana sizasi n'kufunsa ngati bambowo ndi telala, ndipo a Sizasi amavomera, n'kupepesa, n'kupinda mpendero bwinobwino. Masiku amene zimatheka akunka nachepa, iwonso akudziwa. Makhadi anasiya kupanga, alendo tsopano amakoleka majekete awo mopanda mantha. Tizidutswa timene amadula amatiika m'botolo la jamu, palokha, osatimata paliponse.

Mbali ya mayi ya wadiropu ili ndi madiresi ambiri ndithu, koma a Sizasi sadziwa kuti ulendowu ndi wautali bwanji. Ndiye amadula pang'ono kwambiri, kachidutswa kosaposa chikhadabo.